Ndodo ya Kakowa

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira udalaivala nthawi yopuma isanakwane, maso akuona bwinobwino, manja asakunjenjemera. Mayi anu amakuyankhani kuti ndinatopa. Sindinatope ayi. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Ndalemba izi kuti mumve kwa mwini wake, osati kwa anthu ocheza pamaliro anga.

Za ubwana wanga ndizisiya, mulibemo choti mungatole. Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, kumene ndinkakweza matumba pa lole mpaka dalaivala wake, mkulu wina wokonda mowa koma wodziwa ntchito, anandiphunzitsa chiwongolero ndi sipanala nthawi imodzi. Kuchokera kumeneko ndinayendetsa malole a chimanga, kenako minibasi ya mkulu wina wa ku Limbe amene ankatiwerengera ngakhale mpweya wa m'matayala. Ntchito zonsezo ndinazisiya popanda kutembenuka. Imene ndikufuna kukuuzani ndi yomaliza, ya ku nyanja ya Chilwa, kumene ena a inu munayambira sukulu.

Chaka chimene ndinafika ku nyanja

Bungwe limene linandilemba sindilitchula dzina, poti anthu ake ena akadali moyo ndipo ambiri analibe mlandu. Linali ndi ofesi ku Zomba ndi kachipatala m'dera la a Kuntumanji, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Likangala. Ntchito yanga inali imodzi: wodwala amene kachipatalako kamulephera ndimuthamangitsire ku chipatala chachikulu ku Zomba akadali ndi mpweya. Ambiri anali amayi oyembekezera amene zinthu zawavuta, ena atawolotsedwa pa bwato kuchokera ku chilumba cha Chisi, ena asodzi ogona m'timisasa toyandama pakati pa nyanja. Kuchokera pa kachipatala kukafika pa msewu wa miyala panali malo amodzi oipa, dambo la makande pakati pa minda ya mpunga, limene anthu amalitcha Pamtayansapato chifukwa wolowamo ndi nsapato nthawi ya dzinja amatuluka alibe. Chilimwe makande amauma gwa, amachita ming'alu yolowa phazi. Mvula ikagwa amasanduka phala lomata. Galimoto ikaima pakati pa dambo limenelo siidzukanso mpaka itabwera thirakitala ya ku sikimu ya mpunga, ndipo wodwala sadikira thirakitala. Zaka zonse ndinali kumeneko ndinkagona ndi kudzuka ndi nkhawa imodzi yomweyo, yoti ndisaime Pamtayansapato kumbuyo kuli munthu.

Galimoto imene anandipatsa inali yoyera, yamphamvu, ndipo bungwe linali litaikonzetsa mwapadera ku galaja ina ya ku Blantyre isanabwere. Bodi yonse anaikweza, anaiika pa timidadada ta chitsulo kuti italikirane ndi chasisi, anaiveka matayala akuluakulu, paipi yopumira injini anaikwezera kudenga kuti madzi asalowe. Ana a kudoko ataiona ikubwera ndi miyendo yake yaitaliyo anaitcha Kakowa, dzinalo n'kukhazikika. Ndisaname, amene anaganiza zoikweza anaganiza bwino. Madzi ofika m'chiuno Kakowa ankangodutsa ngati palibe kanthu.

Nesi wamkulu wa pa kachipatalapo anali Mayi Esinati Makwinja, wamfupi, wa mawu akuthwa, wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kukalipa. Kwawo kunali konko, kuseri kwa phiri la Mpyupyu, ndiye palibe amene akanawanamiza za njira kapena za anthu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "A Khoviwa, madalaivala awiri athawa kale pano. Inu mwabwera ndi katundu yense, kapena wina mwasiya ku Zomba kuti pothawa musavutike?" Ndinawayankha kuti ndabwera ndi mkazi ndi ana omwe. "Ndiye mwalakwitsa kwambiri," anatero, n'kuseka mpaka kugwira chitseko.

Tsopano mumvetse chinthu ichi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pafupi ndi giya yaikulu pali kagiya kena kafupi, kamene ukakakokera kumbuyo matayala onse anayi amayamba kukoka, pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Popanda kameneka m'matope sudutsa. Madalaivala ndi amakaniko amakatcha liva ya folo wilu. Mayi Makwinja anakatcha ndodo, poti kanali ndi kamutu kozungulira ngati ndodo ya nkhalamba, ndipo dzinalo linali la ife awiri basi. Mvula yoyamba itagwa tinanyamula msodzi wina wothyoka mwendo. Ndinakoka ndodo, tinalowa m'dambo bwinobwino, koma titafika pakati ndodo ija inadumpha yokha kubwerera pamalo pake. Injini inangolira mokweza, matayala osakoka, ndipo Kakowa anakhala pansi mpaka pamimba. Anatitulutsa ndi alimi a mpunga dzuwa litapendeka, msodziyo akutukwana aliyense kuyambira ine mpaka amene anapanga galimotoyo. Ndinathokoza Mulungu kuti unali mwendo chabe.

Dzinja lachiwiri ndi lachitatu

Kuyambira tsiku limenelo tinapeza njira yathu. Tikamayandikira Pamtayansapato ndinkaima n'kukoka ndodo, Mayi Makwinja n'kuigwira ndi dzanja lamanja, kuikanikizira kumbuyo ndi mphamvu zawo zonse, poti inali pafupi ndi bondo lawo ndipo ine manja onse awiri ankafunika pa chiwongolero. Ndinkafunsa kuti, "Yalowa?" Iwo ankayankha kuti, "Yalowa, tiyeni." Tinkadutsa choncho, matope akuuluka mpaka padenga, iwo ataluma mano. Nthawi ya mvula sankalola wina aliyense kukhala pampando umenewo, ngakhale atakhala kuti agwira ntchito tsiku lonse.

Ine sindinakhale manja lende. Poyamba ndinaganiza kuti vuto ndi mahabu, tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo timene umapotokola kuti matayalawo agwire. Ndinawamasula, kuwatsuka ndi palafini, kuwapaka girisi, kuwabwezeretsa. Ndodo inadumphabe. Ndinakhetsa oyilo wa m'kabokosi ka folo wilu ndikuyembekeza kupezamo tizidutswa ta mano a giya, koma anatuluka wabwinobwino. Ndinaona kuti mphira za m'malo olumikizira zadyeka, ndipo poti zatsopano sizinkabwera ngakhale upemphe mogwada, ndinasema zanga kuchokera ku tayala lakale. Kugwedera kunatha, kudumpha kunatsala. Ndinachotsa mphira yophimba bowo la pansi kuti ndione ngati ndodo ikugunda m'mphepete, koma sinkagunda. Ndinayesanso kuimangirira ku mwendo wa mpando ndi lamba wa chubu, chubucho n'kumatanuka pa nthawi yeniyeni imene chikufunika. Mutu unandiima, ndipo ndinayamba kudana ndi mitambo.

Woyang'anira magalimoto a bungwe ku Zomba anali a Matewere, munthu waukhondo, wosatukwana, wosaba, wopemphera. Iwo asanabwere madalaivala ankagulitsa zipangizo zabwino n'kuikamo zakutha, ndiye anakhazikitsa lamulo loti chitsulo chilichonse cha pa galimoto chisadulidwe, chisawotchereredwe, chisasinthidwe kwina kulikonse koma ku galaja ya ku Blantyre ija. Lamulolo linali ndi mutu, sindikana. Nditawadandaulira anatumiza Kakowa kumeneko kawiri konse. Amakaniko ankamuimika pa simenti yosalala pamwamba pa dzenje lawo, kukoka ndodo, kuzungulitsa matayala, kuyenda naye pang'ono pa tala, n'kubwera kudzandiuza kuti, "Mdala, yalowa bwinobwino iyi." Ndinawauza kuti simenti si makande. Mmodzi anati, "Ndiye mukufuna tikatape matope ku Chilwa tidzathire muno?" Anzake anaseka. Nditabwerera ku Zomba a Matewere anatambasula manja. "A Khoviwa, eni ake ntchito anena kuti ilibe vuto. Ine ndinene kuti chiyani kwa akuluakulu?"

Amene anapeza poyambira ndi Mayi Makwinja, osati ine amene ndinkagona kunsi kwa galimoto Loweruka lililonse. Tsiku lina titadutsa dambo anapukuta dzanja lawo pa chitenje n'kunena kuti, "A Khoviwa, ndodo iyi sidumpha paliponse ayi. Dzanja langali laiphunzira. Tikamayenda mowongoka imangonjenjemera. Koma tayala la mbali yanga likagwera m'dzenje, galimoto n'kupendekera kuno, imandikoka ngati kunsiku kuli munthu." Nthawi yonseyo ndinkafunafuna vuto galimoto itaima mowongoka pabwalo la chipatala, chimodzimodzi ngati anyamata a ku Blantyre amene ndinkawanyoza aja.

Pa doko la Kachulu panali Che Ajibu, wowotcherera zitsulo amene ankakonza injini za maboti, ngolo ndi makasu. Lachisanu lina atatuluka mu mzikiti ndinawatenga, tinakwezera tayala limodzi la Kakowa pamwamba pa chulu kuti galimoto ipotoke monga imachitira m'dambo, tonse awiri n'kukwawira kunsi. Pamenepo chinthu chinaonekera poyera. Ndodo ija yamangiriridwa ku bodi, kabokosi ka folo wilu kali pa chasisi, ndipo pakati pake pali kachitsulo kolumikiza, kotalika ngati mkono wa mwana. Pokweza bodi anasiya kachitsulo kakale komweko. Pamalo osalala kankafika, koma mongokhudza. Galimoto ikapotoka bodi inkatalikirana ndi chasisi, kachitsuloko n'kukoka giya kuitulutsa. Che Ajibu anayeza ndi dzanja lawo lakuda ndi utsi. "Achimwene, kaperewera zala ziwiri izi basi. Ndikadule pakati, ndiikepo kachidutswa, ndiwotcherere. Tiyi wanu asanazizire ndamaliza." Ndinawauza kuti adikire kaye, galimoto ili ndi eni ake.

Ndinapita kwa a Matewere mtima uli m'malo, poganiza kuti tsopano zatha. Anandimvetsera bwino, anandifunsa mafunso anzeru, anagwedeza mutu. "Zikumveka ndithu," anatero. "Koma kachitsulo kotalika choncho kusitolo kulibe, ndipo zowotcherera kudoko sindingavomereze. Ndikavomera inu, mawa dalaivala aliyense abwera ndi wowotcherera wake. Ndiwauza akuluakulu, tidikire." Ndinadikira. Mpunga unakula, unacha, anaukolola, ine ndikudikirabe.

Kumapeto kwa dzinja lachitatu

Chimene chinandithera kudikira ndi mayi wina wa ku Chisi amene tinamunyamula akukomokakomoka, mimba itakwana. Mayi Makwinja anali naye kumbuyo, atamugwira mutu kuti asatsamwe. Titafika Pamtayansapato ndinaima, ndipo tonse awiri tinadziwa chimene chikufunika. Anamusiya mayiyo m'manja mwa mchemwali wake, anatsika, anabwera kutsogolo n'kugwira ndodo. Dambo lonse tinalidutsa tikumva mchemwaliyo akukuwa kuti, "Anesi, bwerani, wayambanso!" Mayiyo anapulumuka, koma pang'onong'ono. Titamutsitsa ku Zomba, Mayi Makwinja anandionetsa mkono wawo wotupa, maso ali gwa pa ine. "A Khoviwa, ine ndinaphunzira unamwino, osati kugwira ndodo. Lero ndasiya munthu akukomoka kuti ndikagwire chitsulo. Mawa ndikadzasiya wina n'kufa, tidzati wapha ndani?"

Funsolo ndinafika nalo kunyumba. Ndinkadziwa kuti a Matewere salankhula kawiri pa lamulo lawo. Inu munali kusukulu nonse, ndipo ntchito ina pa msinkhu umenewo sinali yoti n'kuipeza. Nditawauza mayi anu anandifunsa funso limodzi lokha, loti akandichotsa tidzalowera kuti. Masiku angapo ndinkayenda ngati munthu wodwala malungo. Kenako m'mawa wina ndinaliza Kakowa n'kulunjika ku Kachulu. Che Ajibu sanafunse kanthu. Anadula, anaika kachidutswa, anawotcherera mosamala, n'kuziziritsa m'madzi a m'nyanja. Ine ndinapakapo girisi ndi matope kuti chipsera chisaoneke. Tinakwera pa chulu chija, ndodo ili nji. Tinalowa m'matope a kuseri kwa doko mwadala, tinapendeka uku ndi uku, ndodo osagwedezeka.

Ulendo woyamba wodutsa dambo, Mayi Makwinja anaigwira monga mwa nthawi zonse. Ndinawauza kuti asiye. Anandiyang'ana, anachotsa dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pamiyendo, ndipo titatulukira tsidya lina anandifunsa iwo tsopano kuti, "Yalowa?" Ndinati, "Yalowa yokha." Anaseka mpaka misozi. Dzinja lotsatira lonse Kakowa sanaime m'dambo ngakhale kamodzi. Mayi Makwinja ankakhala kumbuyo ndi odwala awo, mpando wakutsogolo unakhala wa operekeza odwala, ndipo nesi wachiwiri amene anabwera chaka chimenecho sanamvepo n'komwe kuti kunali chinthu chotchedwa ndodo. Chinali chaka chokoma kuposa zonse zimene ndinagwira ntchito, ndipo sindinachite manyazi ndi chimene ndinachita, ngakhale lero sindichita.

Okutobala wa chaka chachisanu

Kilachi inatha, monga imathera pa galimoto iliyonse ya m'matope, ndipo Kakowa anapita ku Blantyre. Pomasula kunsi amakaniko anapeza chipsera cha Che Ajibu. Sanafunse kuti chinabwera chifukwa chiyani. Anachotsa kachitsuloko, anakaponya pa mulu wa zakutha, anaikapo katsopano kochokera m'pepala, kowala, kafupi ngati koyamba kaja, n'kuimbira foni a Matewere.

A Matewere anandiitana mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. "Anawotcherera ndani?" anafunsa. Ndinati ndinalamula ndine, dzina la wowotcherera lilibe ntchito. Anayang'ana pawindo. "A Khoviwa, ndikudziwa kuti simunabe kanthu. Ndikudziwanso kuti dzinja lathali simunatitimire. Koma ndikakusiyani choncho, lamulo lafa, ndipo akuba aja adzukanso." Anati sandichotsa ntchito, poganizira ana anga, koma Kakowa ndimusiye, ndibwere ku Zomba ndiziyendetsa kagalimoto kakang'ono ka ofesi, kopita ndi mabwana kumisonkhano. Iwo ankati chimenecho ndi chifundo. Ndinawapempha kuti, "Bwana, ndichotseni ntchito kumene, koma kachitsulo kaja kabwerere pamalo pake." Anayankha modekha kuti, "Kaikidwa katsopano, koyenera galimotoyo. Nkhani imeneyi yatha." Ndinkalakalaka akanakhala munthu woipa, wotukwana, kuti ndidziwe pomugwira. Koma anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundifunsa za umoyo wa mayi anu.

M'malo mwanga anatumiza Jailosi, dalaivala mnzanga wa ku ofesi, munthu wabwino, wosamwa, koma wokulira pa tala. Pomupatsa makiyi ndinamuuza kuti liva ya folo wilu imadumpha galimoto ikapendeka, wokhala kutsogolo aziigwira. Iye anati, "Akulu, aika yatsopano ya m'pepala. Inu munkavutika chifukwa inali yakutha." Ndinamupempha kuti tikwere pa chulu ndimuonetse, anaseka nati galimoto ya bungwe si mbuzi. Pamtayansapato nthawi imeneyo panali pouma gwa, ngakhale njinga inkadutsa, ndiye mawu anga ankamveka ngati a munthu amene zikumuwawa kuti amulanda malo.

Mayi Makwinja nthawi imeneyo anali oyembekezera, mimba imene inabwera patapita zaka zambiri atasiya, ndipo anzawo ankawaseka nayo. Ndikulongedza katundu anabwera kunyumba kwathu, anakhala pakhonde ndi mayi anu, ndipo ponditsanzika anati, "Pitani, a Khoviwa, musadzidye mtima. Dzanja lidakalipo ili, ndizigwira monga kale." Mvula chaka chimenecho inachedwa. Mpaka Khirisimasi inkangowaza n'kusiya, ndipo Jailosi sanakhudzepo ndodo ija ngakhale tsiku limodzi.

Januwale

Mvula itabwera inabwera yonse pamodzi. M'mawa wina ndikutsuka kagalimoto kaja pabwalo la ofesi ndinaona anthu akutuluka ndi mafoni m'manja, akulankhula monong'ona. Mlonda ndiye anandiuza kuti Kakowa watitimira Pamtayansapato. Ndinafunsa kuti kumbuyo kuli ndani. Anayang'ana pansi.

Thirakitala inafika masana. Mayi Makwinja anali atapita kale, pamodzi ndi mwana amene anali asanabadwe, pakati pa dambo lomwelo limene anadutsitsa anthu osawerengeka ndi dzanja lawo.

Pamaliro Jailosi anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifotokozera. Mayi Makwinja anayamba kutaya magazi m'mamawa, mwezi usanakwane, ndipo eni ake ananena kuti izi ndi za ku Zomba, tithamange. Anawagoneka kumbuyo, nesi wachiwiri uja atagwira dilipi. Mayi awo, nkhalamba yoyendera ndodo, anakana kutsala, ndipo poti kumbuyo sakanatha kukwera anawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo. Jailosi anakoka liva, analowa m'dambo, tayala lakumanzere linagwera m'dzenje, injini n'kulira. Anakokanso, anasiya kuti agwire chiwongolero, anayenda pang'ono, inadumphanso. "Akulu," anatero, "kuyambira tisanalowe m'dambo iwo amangoti ndodo, ndodo, gwirani ndodo. Tonse tinkati magazi awathera, mutu wasokonezeka." Ndinamufunsa kuti nanga zimene ndinamuuza zija. "Munati liva, akulu. Pamene ndimakumbukira n'kuti takhala kale pamimba." Dzanja langa linanyamuka lokha, koma ndinaona kuti munthuyo akulira ngati mwana, ndipo si iye amene ndinkafuna kumenya.

A Matewere anabwera ndi nkhata ya maluwa, analankhula bwino m'malo mwa bungwe, anthu n'kumavomereza. Sabata yotsatira Kakowa anapita ku Blantyre kukayezedwa. Anamuimika pa simenti, anakoka ndodo, n'kunena kuti yalowa bwinobwino, vuto linali kuchuluka kwa mvula. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinalowa mu ofesi osagogoda n'kuika makiyi patebulo. "A Khoviwa, mwatsala pang'ono kupuma, taganizani bwino," anatero a Matewere. Ndinati, "Bwana, mukamukwezere pa chulu." Sindinapondenso pa ofesi imeneyo. Kaya anamukwezera kaya ayi sindidziwa. Ndinangomva patapita nthawi kuti Kakowa anamugulitsa kwa munthu wina wonyamula nsomba.

Mvula itatha ndinapita kuseri kwa Mpyupyu kukawaona mayi a malemu. Ndinawapeza pamkeka pakhonde, ndodo yawo ili pambali. Tinapatsana moni, tinalankhula za mpunga, kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Bambo, mwana wanga uja anadziwa kuti ali pa ulendo. Munthu akayamba kuitanitsa ndodo ndiye kuti wanyamuka basi. Ine ndinatenga yangayi n'kumupatsira kumbuyo, ndinati nayi mwanangu, gwira. Anaikankha. Ndinamupatsanso, anaikankhanso, akulira, akundiyang'ana ine. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindiliona. Inu munayenda naye zaka zonse zija, ankakukhulupirirani. Tandiuzani, ankafuna ndodo iti?"

Ndinayang'ana manja awo. Miyendo ndi imene inali itawatha, koma manjawo anali a munthu amene walima mpunga moyo wake wonse, olimba kuposa anga. Akanaigwira popanda vuto lililonse.

Ndinati, "Ankafuna yanu yomweyo, mayi. Kukankhako kunali kufooka chabe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuisisita ndodo yawo ija. "Nanenso ndimaganiza choncho," anatero.

Anamwalira patapita zaka ziwiri akudziwa zomwezo. Jailosi sanawauze, ine sindinawauze, ngakhale mayi anu sindinawauze mpaka lero. Inu ana anga ndinu oyamba kumva kuti ndodo imene Mayi Makwinja ankaitanitsa inali ikugunda bondo la mayi awo ulendo wonsewo.